Helice: mbalame ya pulasitiki yosauza munthu kumene ikulowera

Pa masewero onse owombera ndi chifefe amene ndawaona kuno ku England, helice ndi okhawo amene munthu angalase ndithu, zidutswa n'kuwazika m'mwamba aliyense akuona, koma woweruza n'kumulembera ziro. Ndipo sipapezeka womuikira kumbuyo. Ine Loweruka ndi Lamlungu ndimagwira ganyu pa bwalo lina la masewerowa, ntchito yanga ndi yodyetsa makina ndi kutola zoswekasweka, ndiye nkhope za anthu olemberedwa ziro wotereyu ndimaziona pafupi.

Kwathu mfuti timaidziwa ili m'manja mwa msilikali, wapolisi, mlonda wa pa geti kapena woyang'anira nyama zakutchire. Ndikauza abale pa foni kuti kuno kuli anthu amene amatulutsa ndalama zawo kuti aswe pulasitiki tsiku lonse, amayamba aseka kaye, kenako amafunsa ngati ntchito zenizeni zinatha. Ndiye lekani ndilongosole bwinobwino.

Chandamale chake, chimene nachonso chimatchedwa helice, ndi kanthu kopepuka, kosapitirira magalamu 70. Kali ndi mapiko awiri a pulopela, a mtundu wa olenji, ndipo kuchokera pa nsonga ya phiko lina kufika pa nsonga ya linzake ndi masentimita 28. Pakati pa mapikowo pali mkombero, mu mkomberomo n'kulowetsamo kachivindikiro koyera kotambalala masentimita 10 ndi pang'ono. Pulasitiki wa mapiko ndi wa kachivindikiro ndi wosiyana, ndipo anachita kusiyanitsa dala. Wa mapiko sachedwa kusweka, machaka akangomukhudza amathetheka. Wa kachivindikiro ndi wolimba, amalandira machaka osaphwanyika. Chimene wowombera akufuna si kuswa mapiko ayi. Akufuna kuti kachivindikiro koyerako kachoke pa mapiko kotheratu, ndipo kakagwere m'kati mwa mpanda. Zinthu ziwirizi zikapanda kuchitika zonse, ndi ziro basi, kaya mapiko aphwanyika chotani.

Bwalo lake ndi losavuta kulimvetsa. Pamakhala makina asanu pa mzere wokhota, motalikirana mamita 4.5 mpaka 5, ngakhale mabwalo ena ali ndi makina 7. Wowombera amaima pa kanjira ka simenti kolembedwa manambala, mamita 24 mpaka 28 kumbuyo kwa makinawo. Kutsogolo kwa makina, pa mtunda wa mamita 21, kwazungulira mpanda wa waya, waufupi, wongopitirira pang'ono m'mawondo. Munthu amaloledwa kuwombera kawiri pa helice imodzi. Mfuti siipitirira 12 bore, umene ndi muyeso wa kukula kwa paipi yake, ndipo machaka m'chipolopolo chimodzi sapitirira magalamu 28. Malamulowa ndi a FITASC, bungwe la ku Paris limene limayendetsa masewero angapo a chifefe pa dziko lonse. Ku Olimpiki helice kulibe, kumeneko ndi trap ndi skeet basi, masewero owombera timbale tadothi toponyedwa ndi makina.

Zimayamba chonchi. Ife tikamaliza kuika mahelice pa makina onse n'kubwerera pobisala pathu, wowombera amafika pa mzere wake ndi mfuti yothyola, yopanda kanthu. Amadina batani, mamota onse asanu n'kuyamba kulira limodzi. Kulira kwake kumayamba pansipansi, n'kumakwera mpaka kufika poti ngakhale watseka m'makutu umakumva m'mano. Pamenepo mapulopela asanu onse akuzungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi, ndipo mutu wa makina alionse ukugwedezeka uku ndi uku. Munthu uja amaika zipolopolo ziwiri, n'kutseka mfuti, n'kuika thako lake pa phewa. Amanena kuti wakonzeka, woyendetsa makina n'kuvomera, kenako amaitana. Makina amodzi okha ndi amene amatsegula chitseko chake. Kuti ndi ati, palibe amadziwa, ngakhale ife, chifukwa amasankha ndi kompyuta.

Apa ndiye pagona nkhani. Kambale kadothi ka trap kakaponyedwa kamatsata njira imodzi mpaka kukagwa, ndipo liwiro lake limanka licheperachepera. Ukaona poyambira pake wadziwa kale pothera pake. Helice simaponyedwa. Imadziulukira yokha ndi mapiko ake, ndipo kumapeto kwa chitsulo chimene imazungulirapo kuli kamlomo kokhota kamene kamaipotoza pochoka. Ndiye ikachoka imayamba mwaulesi, kenako n'kugwira mphepo n'kuthamanga, ndipo ikhoza kukwera molunjika kumwamba, kukwawa pamwamba pa udzu, kulowera kumanzere kenako n'kusintha maganizo. Amene munakhalapo panja madzulo n'kuyesa kutsata mleme ndi maso mukudziwa zimene ndikunena. Kukakhala mphepo ndiye zimaposa pamenepo. Ndinaonapo helice ikuchoka pa makina apakati, kukwera, kuima kaye m'mwamba, n'kubwerera kudzadutsa pamwamba pa mutu wa woweruza. Ena mwa owombera amaitchabe mbalame, ndipo sindiwadabwa.

Mpanda uja ndiye umachititsa kuti nthawi ichepe. Mamita 21 helice yothamanga imawamaliza m'kamphindi kosakwana kupuma kawiri. Komanso kachivindikiro kakachoka pa mapiko sikagwa pomwepo, kamapitirira ndi liwiro limene kanali nalo. Choncho munthu akhoza kulasa bwino, kachivindikiro n'kuchoka, koma chifukwa anachedwa pang'ono n'kukatera kunja kwa mpanda. Ziro. Kakagunda pamwamba pa mpanda n'kugwera kunja, ziro. Koma kakayamba kagunda pansi m'kati n'kudumphira kunja, wapata. Mikangano yambiri imene ndaimva pa bwalo lathu imakhala ya pamenepa, kuti kanayamba kugunda chiyani, udzu kapena waya. Nthawi zina amatituma ife kuthamangira ku mpanda kukaona mbali imene kagona, ndipo umabwerera anthu onse akukuyang'ana kumaso kuti awerengepo yankho usanayankhule.

Poyamba ndinkaona ngati malamulowa anawapanga munthu wankhanza chabe. Makina asanu, mpanda, kuwombera kawiri, kubwezedwa m'mbuyo pa kanjira ka simenti kaja ukamachita bwino, zonsezi zachokera kuti? Zinachokera ku nkhunda zamoyo. M'zaka za m'ma 1800 anthu olemera a ku Ulaya ankaika nkhunda m'timabokosi tisanu, wina n'kukoka chingwe, bokosi limodzi n'kutseguka, nkhunda n'kuuluka, munthu n'kuwombera. Inkawerengedwa pokhapokha ikagwera m'kati mwa mpanda. Ikapita kukafera kunja, imeneyo si yako. Kalabu ya Hurlingham ku London, imene ambiri amaidziwa ndi polo, masewero a mpira a pa akavalo, inayamba ngati bwalo lowomberapo nkhunda. Ku Monte Carlo, m'dziko la Monaco, kunali bwalo lotchuka kuseri kwa nyumba ya juga, moyang'anana ndi nyanja, ndipo kunkapita akatswiri a m'mayiko ambiri kukalimbirana ndalama zankhaninkhani. Pa masewero a ku Paris a 1900 anapha nkhunda pafupifupi 300, ndipo anapambana ndi Léon de Lunden wa ku Belgium amene anagwetsa 21.

Anthu anayamba kunyansidwa nazo, ndipo anali ndi chifukwa. Mbalame zambiri sizinkafa pomwepo, zinkagwa zikuphupha, ndipo ena ankazizula nthenga za kumchira kuti ziziuluka mokhotakhota. Britain inaletsa kuwombera mbalame zotulutsidwa m'mabokosi mu 1921. Mayiko ena anatsatira mochedwa, Monaco m'ma 1960. Timbale tadothi tinalipo kale kuyambira m'ma 1880, koma anthu ozolowera nkhunda ankati kambale n'kopusa, kalibe maganizo. Ndiye m'ma 1960 momwemo ku Belgium kunatulukira pulopela iyi, ndipo anangoilowetsa m'malo mwa mbalame, china chilichonse n'kuchisiya mmene chinalili. Dzina lina la masewerowa ndi ZZ, ndipo amati Z mmodzi ndi wa zinki amene ankapangira mapiko oyambirira, winayo ndi wa zurito, mtundu wa nkhunda za ku Spain zimene zinkatchuka ndi liwiro. Kachivindikiro koyera kaja ndiye thupi la nkhunda. Kuthothola nthenga sikupha mbalame, n'chifukwa chake kuswa phiko sikuwerengedwa.

Ine mbiri imeneyi siindisangalatsa, koma zotsatira zake ndimazikonda. Mwa zonse zimene anthu anayesa kuti asiye kupha nkhunda, ichi chokha ndi chimene chinasunga chovuta chenicheni cha mbalame popanda kukhetsa magazi.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi akatswiri a trap akabwera koyamba. Amafika ndi mfuti zodula, jekete yodzaza mabaji, ndipo ndi anthu oti kwawoko amaswa timbale 25 osaphonya. Atatu oyamba akhoza kuwagwetsa, n'kutembenuka akumwetulira. Kenako imabwera ina yokwawa pansi kuchokera pa makina akumapeto, iwo mfuti ali nayo pakati, ndipo pamene akuipeza yadutsa kale mpanda. Ikubwerayo amafulumira mopitirira, n'kuwombera pamene helice inali m'malo mwa pamene ili. Vuto lawo ndi loti thupi linaloweza. Trap ndi masewero obwereza chinthu chimodzi mosalakwitsa, ndipo amene waloweza bwino ndiye katswiri. Pa helice kuloweza kumakupweteketsa. Ukangoganiza kuti iyi ilowera kumanja, manja ayamba kale kupita kumanjako, ndipo kuwabweza kumadya nthawi imene ulibe.

Pali bambo wina wachikulire wochokera ku Italy amene sajomba pa bwalo lathu. Anakhala kuno zaka zambiri akugulitsa zakudya, tsopano anapuma. Amayenda motsimphina, mfuti yake ndi yakale, thako lake linachita kuyera ndi kugwiridwa. Ndimakonda kumuonerera ndikabisala, chifukwa pamene ndimakhalapo ndimaona nkhope yake cham'mbali. Mamota akamalira iye sachita changu. Amaloza mfuti pansi pang'ono pa makina apakati, maso osayang'ana makina alionse, angoti mbuu pa bwalo lonse. Akaitana, mfuti siisuntha mpaka diso litaigwira helice. Kachedwedwe kameneko n'kochepa kwambiri moti wosadziwa sangakaone, koma kalipo. Kenako mfuti imanyamuka kamodzi n'kamodzi, phaa phaa, kuwombera kuwiri kotsatizana. Chipolopolo chachiwiri sachisunga. Ngakhale choyamba chitaswa phiko, chachiwiri chimatsatira pomwepo, chifukwa phiko losweka si umboni wakuti kachivindikiro kachoka.

Tsiku lina ndikumuthandiza kunyamula chikwama ndinamufunsa kuti, "Bambo, inu mumadziwa bwanji kumene ikupita?" Anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, sindidziwa. Anzangawa ndi amene amadziwa, n'chifukwa chake amaphonya." Kwawo ku Italy masewerowa amawatcha elica ndipo ndi aakulu kuposa kuno. Kumeneko, ku Spain ndi ku Portugal ndiye kuchimake, komanso ali ndi anthu ake ku Egypt, ku Argentina ndi ku America, makamaka ku Texas. Mfuti zambiri zimene ndimaziona pa choikapo mfuti, za Beretta ndi Perazzi, zimachokeranso ku Italy komweko, m'chigawo cha Brescia.

Za mfuti ndinene pang'ono. Ambiri amagwiritsa ntchito ya mapaipi awiri osanjikizana, yolemera, yofanana ndi ya trap. Kukamwa kwa mapaipi amakupanikiza kwambiri kuti machaka asabalalike msanga, makamaka paipi yachiwiri, chifukwa pamene ukuwombera kachiwiri chandamale chili pa mamita 40 kapena kupitirira. Pa kambale kadothi machaka awiri kapena atatu akwanira, bola kachidutswa kaoneke. Pa helice pamafunika nkhonya yeniyeni yoti ithyole mkombero umene wagwira kachivindikiro. Madzulo tikamatola ndimapeza mahelice athunthu kunja kwa mpanda, ali ndi mabowo atatu pa phiko, pa kachivindikiro pali timizere totuwa ta mtovu, koma zonse zili chigwirire. Mwini wake anapita kunyumba akukhulupirira kuti anaphonya. Sindimuuza, sizingamuthandize.

Chinanso chimene anthu sachiyembekezera ndi kudikira. Pa mpikisano waukulu munthu amawombera mahelice 30 okha. Sawawomberanso nthawi imodzi. Amawombera awiri, atatu kapena asanu pa bwalo limodzi, n'kuthyola mfuti, n'kukakhala pansi kudikira kuti mzere wonse uthe. Akamabwereranso thupi lazizira, tiyi wamwa, wamva kale kuti uje sanaphonyebe. Ndipo pa anthu odziwa, kuphonya kawiri kapena katatu ndiye kuti zako zada. Akafanana pamapeto amawomberana mpaka wina ataphonya, woyamba kuphonya n'kutuluka. Ndaona amuna akuluakulu manja akunjenjemera poika chipolopolo, anthu oti m'mawa anali kuseka ndi aliyense.

Ndalama nazo zimalowapo. Chikhalidwe cha kubetcha chinachokera ku nkhunda chija sichinafe. Anthu amasonkha, wopambana n'kutenga, ndipo kumbuyo kwa mzere kumamveka manong'onong'o a amene akubetcherana pa mnzawo amene waima kutsogolo. Apa ndiye pamene ine ndimasiyana nawo. Masewerowa ndi okoma pawokha, safunika kuthiridwa juga, ndipo ndaona ubwenzi ukuzilala chifukwa cha kachivindikiro kamene kanagunda waya. Ngakhale popanda kubetcha, helice ndi yodula. Mtengo wa imodzi ungagule timbale tadothi tingapo, kuwonjezera zipolopolo ziwiri nthawi iliyonse. Amene amabwera mlungu ndi mlungu ndi eni mabizinezi, alimi a minda ikuluikulu ndi madala opuma pa ntchito amene ana awo anakula. Achinyamata ndi ochepa, ndipo chifukwa chake si china koma thumba. Ineyo ndimawombera pokhapokha bwana akatilola kumaliza zotsala madzulo, ndi mfuti yobwereka, iye ataima pambali.

Ntchito yathu ili ndi luso lake limene owombera saliona. Mapiko akasweka atha ntchito, koma tizivindikiro toyera timatha kugwiranso ntchito ngati sitinapindike. Ndiye m'mawa, alendo asanafike, timakhala m'kashedi ndi thumba la mapiko atsopano ndi ndowa ya tizivindikiro totola dzulo. Umatenga kamodzi, kukapukuta matope, kukazunguza pa chala kuti uone ngati m'mphepete muli bwino, kenako kukakanikiza mu mkombero ndi zala zazikulu ziwiri mpaka kalire kuti thwa. Kulira kumeneko ndiye muyeso wake. Kakalowa mosalira ndiye kuti n'kolobodoka, kadzachoka kokha mota ikangothamanga, woweruza adzalamula kuti atulutsenso ina ndipo bwana adzakuyang'ana. Kakalowa movuta kwambiri ndiye kuti wapangira munthu wina ziro wosamuyenera. M'miyezi yozizira pulasitiki amauma gwa, zala zimachita dzanzi, ndipo m'mphepete mwa phiko mumacheka khungu osamva, umangoona magazi pa choyera. Pa mpikisano weniweni sitiika zakale, zonse zimatuluka m'katoni zatsopano kuti wina asapeze ponamizira.

Kenako pali kutola. Zidutswa za olenji zimamwazika bwalo lonse mpaka kuseri kwa mpanda, ndipo pulasitiki saola. Timayenda ndi ndowa titawerama mpaka msana kuuma. Mabwalo a ndalama ali ndi makina odzidyetsa okha, oti munthu sathamanganso pakati pa owombera awiri alionse, koma otola okha sanapezeke.

Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa pa bwalo masiku ano ndi ya mtovu. Mu July 2025 boma la kuno linalengeza kuti machaka a mtovu aletsedwa ku England, Scotland ndi Wales, ndipo anapereka zaka zitatu zoti anthu asinthe. Chifukwa chake n'chomveka: mtovu umatsalira m'nthaka ndi m'madzi, mbalame zimautola ngati timiyala n'kufa nawo. Amene timatola pa bwalo timadziwa kuchuluka kwa umene umagwa pamenepo. Cholowa m'malo chotsika mtengo ndi chitsulo, koma chitsulo n'chopepuka kuyerekeza ndi mtovu, ndiye chimataya mphamvu msanga chikamapita patali. Owombera timbale akudandaula, koma a helice ali ndi chifukwa chokulirapo, poti iwo kukhudza kokha sikuwakwanira. Chipolopolo chachiwiri chija, cha pa mamita 40, ndi chimene chikuwasowetsa tulo. Ena akuti adzangokulitsa machaka, ena akuti opanga mahelice adzafewetse mkombero, ndipo madala a mfuti zakale akuopa kuti chitsulo chidzawononga mapaipi opanikizidwa kwambiri aja. Ine ndikuona kuti lamulolo ndi loyenera, ndipo ndikuonanso kuti maziro adzachuluka kaye anthu asanazolowere.

Kwa inu abale amene muli kuno ndipo mwachita chidwi: simufunika kukhala ndi chiphaso cha mfuti kuti muyese. Lamulo la mfuti la 1968 limalola munthu wopanda chiphaso kuwombera chandamale pa bwalo limene apolisi analivomereza, ndi mfuti ya pa bwalopo. Kuti mukhale ndi yanuyanu ndiye pamafunika chiphaso cha ku polisi ndi kabati yachitsulo yokhoma. Mabwalo a helice ndi owerengeka m'dziko lonse lino ndipo ambiri satsegula tsiku lililonse, ndiye yambani mwaimba foni. Bungwe la CPSA, limene limayendetsa masewero owombera timbale kuno ku England, lingakulozereni lapafupi. Ngati simunagwirepo chifefe, yambirani pa timbale ndi mphunzitsi kuti phewa lizolowere kukankhidwa ndiponso manja azolowere kuthyola mfuti nthawi zonse musanatembenuke. Tengani zotseka m'makutu, chipewa ndi magalasi. Magalasiwo musawaiwale, chifukwa mphepo ikamawomba chakumaso zidutswa za mapiko zimabwerera kwa owombera, ndipo ndi zakuthwa.